Matope a Dibi la ku Kamphande

Ku Kamphande, kumtunda kwa Lifidzi, anthu sankatchula dzina la a Basílio palokha. Ankati "a Basílio a ku dibi," ngati kuti munthuyo anabadwira momwemo. Dibi limeneli linali ngalande yaitali ya simenti imene boma linamanga m'mphepete mwa dambo, yodzaza ndi madzi a mankhwala opha nkhupakupa. Lachiwiri lililonse m'mawa ng'ombe za midzi isanu zinkatsika phiri, fumbi kobo, n'kumalumphira m'madzimo imodziimodzi, khuvu, kusambira mpaka kutsidya. A Basílio ankaima pambali ndi ndodo yaphanda, malaya awo a kaki ali osita, n'kumamiza mutu wa ng'ombe iliyonse kuti mankhwala alowe m'makutu. Yotuluka mutu uli wouma ankaibweza, mwini wake adandaule asadandaule.

Sukulu anaphunzira ku mishoni mpaka kalasi yachitatu. Ntchitoyi anaiyamba mu 1954, ataphunzitsidwa masiku atatu okha ndi mzungu wina wa za ziweto: kuyeza mankhwala, kusakaniza, ndi kuyesa m'kabotolo ngati madzi ali ndi mphamvu yokwanira. Tsiku lachinayi mzunguyo anakwera galimoto n'kumapita, osabweranso. Zina zonse a Basílio anadziphunzitsa okha, ndipo chachikulu chimene anawonjezapo chinali ukhondo. Tinene zoona, munthu waukhondo wopyola muyeso ndi wotopetsa kukhala naye pafupi. Akazi awo, a Zita, ankawaseka kuti dibi lija limasesedwa kuposa pabwalo pawo, ndi kuti tsiku lina adzangosamutsira mphasa komweko.

M'madibi ena matope ndi ndowe zinkangounjikana pansi zaka ndi zaka, mpaka ng'ombe kumayenda m'malo mosambira. Woyang'anira dibi la kutsidya, a Xavier, anatha zaka khumi osagwirako fosholo, ndipo a Basílio akamva dzina limenelo ankangolavulira pansi. Iwo chilimwe chilichonse, mvula isanayandikire, ankakapa madzi onse ndi ndowa, kukokolola matope mpaka simenti ionekere, kenaka n'kuthiramo madzi atsopano. Palibe amene anawatuma. Matopewo poyamba ankawataya m'dzenje limene omanga dibi anakumbamo mchenga, kuseri kumene ng'ombe sizinkafika. Mu 1965 dzenjelo linadzaza, ndipo anayamba kutayira pakachigwa kena kumunsi, m'mbali mwa njira imene ng'ombe zinkadzera popita kukamwa kudambo.

Matope aja akauma ankachita mbuu pamwamba, ndipo ng'ombe zinapakonda pamenepo. Zinkathamangirapo n'kumanyambita dothi, kuzikwapula zosachoka. Abusa anapatcha "pa mchere." Eni ng'ombe anakondwa, poti mchere wogula kukantina sunkakwana ndi m'ndiwo momwe, ndipo ochenjera ankatengerako dala ana a ng'ombe kuti anenepe.

Chilimwe chomwecho ana a ng'ombe anayamba kufa. Ankadzuka bwinobwino, masana n'kuyamba kutsegula m'mimba, kubuula, kuyenda dzandidzandi, pofika mawa lake auma gwa. A Damião, amene khola lawo linali lalikulu m'mudzimo, anataya asanu ndi mmodzi. Mvula itagwa imfa inaleka, chilimwe chotsatira n'kubweranso. Chaka chachitatu inatenga ndi zazikulu zomwe.

Khola limodzi lokha ndilo imfayo inkalilumpha, la a Rafael, mlongo wawo wa a Zita. A Rafael anali ndi ngolo yonyamulira kachewere kupita naye ku tauni ya Vila Coutinho, ndipo ankakhala kuseri kwa phiri kumene kunali kamtsinje kakekake. Ng'ombe zawo zikangotuluka m'dibi ankazithamangitsira kwawo, osadzera kudambo, poti nthawi yocheza analibe. Analinso munthu wosadziwa kuseka ndi anthu, ndipo chimenechi sichinawathandize. Ng'ombe zawo zinkaswana pamene za anzawo zinkatha.

Lachiwiri lina, kumapeto kwa 1967, a Damião anakokera mwana wa ng'ombe wakufa ku dibi, pamaso pa eni ng'ombe onse.

"A Basílio, odziwa ndinu," anatero. "Tumbulani mutiuze. Kodi ndi chigodola chimenechi?"

Chigodola, nthenda yobwera ndi nkhupakupa, a Basílio ankachizindikira ali patali. Anatumbula mosafulumira. Anafufuza zotupa m'khosi, panalibe. Anayang'ana mapapo, anali abwinobwino. M'mimba mokha ndimo munali psuu. Anasamba m'manja, anaganiza, kenaka ananena chimene ankachiyesa choona.

"Si chigodola ichi. M'buku langa matenda awa mulibe, ndipo zaka zonsezi sindinawaonepo. Ine ndikuti si matenda a ng'ombe amenewa."

Kenaka mitu inatembenukira kwa a Rafael, amene ankasonkhanitsa ng'ombe zawo chapatali, osadziwa kanthu. A Basílio sanatchule munthu aliyense, chimenecho tiwavomereze. Koma akanakhala a Xavier onena mawu amenewo, anthu akanaseka n'kubalalika. Ananena ndi munthu amene sanalakwitsepo ntchito.

Sabata isanathe mudzi wonse unkanong'ona kuti a Rafael anakhwimira ng'ombe, kuti mwana aliyense wofa m'makola a anzawo amakabadwanso m'khola mwawo. Moni unatha. Kachewere anthu anayamba kusenza pamutu, kuopa ngolo ija. Kenaka wina anayatsa khola, ndipo mwayi wake ng'ombe zinali kubusa. Kumayambiriro kwa 1968 a Rafael anakweza akazi awo, ana ndi mapoto pangolo, n'kuwoloka malire pa Kalomwe kupita mbali ya ku Dedza. A Basílio sanapite kukatsazikana nawo. Anati ku dibi kuli ntchito.

Dzinja lomwelo mvula inagwa yoopsa, inang'amba kachigwa kaja n'kukokolola zonse. Poona kuti malo otayira aonongeka, a Basílio anakumba dzenje lina pamiyala kuseri kwa dibi. Chilimwe chinafika, ng'ombe sizinafe. Chinafika china, sizinafenso. Anthu ankangoyang'anana n'kugwedeza mitu. A Basílio nawonso, ngakhale anali munthu wa mapemphero, mumtima anayamba kunena kuti mwina alamu awo analidi ndi kanthu kena.

A Zita sanakangane nawo. Anangoleka kuwaseka. Mu 1970 mayi awo anamwalira, uthenga unatumizidwa ku Dedza, koma achibale a a Damião ananeneratu kuti a Rafael akangoponda kumanda kuchitika zina. Gogoyo anaikidwa mwana wake wamwamuna palibe. A Zita analira maliro awiri tsiku limenelo, ndipo a Basílio anawamva.

Mu 1973 kunabwera kalata yoitana oyang'anira madibi onse ku kursu, maphunziro a masabata awiri, poti boma linkasintha mankhwala. Nkhondo inali itafika mbali zina za Tete, magalimoto ankayenda operekezedwa ndi asilikali, choncho dotolo wa ziweto ndiye anabwera ku Vila Coutinho. Ambiri anang'ung'udza. "Tikaphunzirenso chiyani ife, imvi zili mbuu? Ng'ombe yasintha kasambidwe kodi?" A Basílio okha ndiwo anakondwa ngati mwana wopita kumsika. Anadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti wina awonjezere pa masiku atatu aja. Anagula kadernu watsopano wolembamo ndi mapensulo awiri, n'kukakhala pampando wakutsogolo.

Dotoloyo anali mnyamata ndithu, wolankhula Chipwitikizi chothamanga. M'mawa anthu ankayesetsa kumvetsera, koma akadya masana theka la chipinda linkawodzera, a Xavier n'kumaliza mkonono kumbuyo popanda manyazi. A Basílio ankalemba chilichonse, ngakhale chimene sanachimvetse, kuti akachifunse pambuyo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi dotolo anafunsa kuti ndani amatsuka dibi lake chaka ndi chaka. Dzanja linakwera limodzi lokha.

"Mwaona?" anatero dotolo uja, akuloza a Basílio. "Wantchito ndi uyu. Ena nonsenu muzichita manyazi."

A Basílio anamva kukoma mpaka kumsana. Dotolo anapitiriza, atatembenukira kubolodi. Anati asanathire mankhwala atsopano, aliyense atsuke dibi lake, koma asamale ndi matope. Mankhwala akale aja, arseniku, m'dothi safa, amakhalamo zaka. Choopsa chake n'chakuti kwa ng'ombe amakoma ngati mchere, ndipo imachoka kutali kudzanyambita. N'chifukwa chake matope amakwiriridwa m'dzenje lakuya lotchingidwa ndi mpanda, monga mnzathu wakhamayu akudziwira kale. Ng'ombe yonyambita imatsegula m'mimba, imabuula, imayenda ngati yoledzera, ndipo ana ndiwo amayamba kufa. Mukatumbula simupeza chotupa, mapapo amakhala abwino, m'mimba mokha ndimo mumakhala mofiira.

Pensulo ya a Basílio inaima pakati pa liwu. Anaona kachigwa kaja, ndowa zawo zomwe, anaona mwana wa ng'ombe wa a Damião ali chagada, anamvanso mawu awo akuti si matenda a ng'ombe amenewa. Anacheuka kumbuyo. A Xavier anali m'tulo, kukamwa yasa, munthu amene ulesi wake sunaphepo ngakhale mwana wa ng'ombe mmodzi. Chinawawawa kwambiri a Basílio, ndipo anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Anafuna kukweza dzanja, koma dzanjalo linakana. Dotolo anali atangowayamikira pamaso pa anthu. Pa mayeso a Basílio anaposa onse, ndipo anawapatsa diploma yokhala ndi chidindo chofiira. Anafika nayo kunyumba n'kuiika pansi pa zovala m'bokosi, osaionetsa munthu.

Anatha miyezi iwiri ali chete. Chakudya ankangochitola, anaonda, ndipo ku dibi ankakalipira abusa popanda chifukwa. Ankadziuza kuti zinapita kale, kuti kuzifukula sikuukitsa ng'ombe. Koma ng'ombe si zimene zinkawasowetsa mtendere. Kuseri kwa malire kunali munthu wotchedwa mfiti, ndipo amene akanamuchotsera dzinalo anali iwo okha.

Nthawi yotsuka dibi itakwana anakumba dzenje latsopano lakuya kuposa msinkhu wawo, n'kulizunguliza ndi minga. A Zita anawabweretsera thobwa masana, n'kusuzumira m'dzenjemo.

"Bambo a Marcos," anawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, "manda amenewa mukuikamo ndani?"

A Basílio anatuluka m'dzenje, anakhala pamulu wa dothi, n'kufotokoza zonse. Sanabise za dzanja limene anakweza, kapena limene analephera kukweza. A Zita anamvetsera ali chiimire, chikho chili m'manja. Pamapeto anachiika pansi pang'onopang'ono.

"Zaka zisanu," anatero. "Amayi anafa akufunsa kuti Rafael wafika kodi. Inu munali pakhomo pomwepo."

"Sindinkadziwa, mayi a Marcos."

"Nanga miyezi iwiri iyi, simunkadziwanso? Musandiuze ine. Nyamukani mukawauze eni ake."

Lamlungu lotsatira anakwera njinga, anawoloka pa Kalomwe, n'kufunsira njira mpaka kumudzi wina wa m'munsi mwa phiri. Anawapeza a Rafael akumasula ng'ombe pangolo ya nkhuni. Anali atakalamba msanga. Munda unali wobwereka, ng'ombe zinatsala zitatu. Anapatsana moni wonse monga mwa ulemu, anafunsana za ana, kenaka a Basílio anavula chipewa n'kuyamba. A Rafael anamvetsera akukanda ng'ombe pakhosi.

"Mwatsiriza, alamu?"

"Ndatsiriza."

"Ndiye mwapalasa njinga mtunda wonsewu kudzandiuza kuti sindine mfiti? Chimenecho ine ndinkachidziwa kale. Osadziwa mwawasiya kumudzi."

A Basílio anayang'ana pansi. Anati ali okonzeka kupereka ng'ombe zawo ziwiri, koma a Rafael anapukusa mutu.

"Ng'ombe sindikuzifuna. Ndikufuna ndikaone pamene munawaika amayi. Ndipite masana, anthu akuona, ndipo wokumana nane panjira andipatse moni. Munanena pa dibi, anthu onse alipo. Kanenereni pomwepo. Akamva, nditumizireni mawu, ndibwera."

Pobwerera njinga inkalemera. A Basílio ankaopa, ndipo mantha ake anali omveka. A Damião anali munthu wamkono, ntchito ikanatha kuwathera, ndipo ana awo akanakula akutchedwa ana a wopha ng'ombe. Dzina limene analisesa zaka zonsezi linali loti liwonongeke m'mawa umodzi. Anavomera mumtima kuti liwonongeke. A Zita atamva mawu a mlongo wawo, Lolemba anatsekula nyumba ya malemu mayi awo, imene inali yotseka chiikire maliro, n'kuyamba kuchotsa akangaude kuti a Rafael adzafikiremo.

Lachiwiri ng'ombe zitasonkhana, a Basílio anatseka chipata cha dibi n'kukwera pampanda, kadernu ali m'manja. Anapempha eni ng'ombe kuti asendere pafupi. Anafotokoza za matope, za pa mchere, za zimene dotolo ananena, anawerenga zizindikiro zonse m'kadernumo n'kumazitanthauzira m'Chinyanja.

"Ng'ombe zanu ndinapha ndine," anamaliza. "Sindinkadziwa, koma ndine. A Rafael alibe mlandu. Ine ndinalankhula pano chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo munthu anathamangitsidwa. Chimene mungandichite, ndichiteni."

Anadikira phokoso, mwina ndodo. Sizinabwere. A Damião anayandikira, nkhope yawo ili yachifundo, n'kulankhula mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala.

"A Basílio, tatsikani pampandapo mungagwe. Zaka makumi awiri tikukuonani ndi maso athuwa. Inu amene mumabweza ng'ombe chifukwa cha khutu limodzi louma, mungaphe ng'ombe zathu? Ayi, zimenezo kauzeni alendo."

"Ndikunena zoona, a Damião. Zili m'bukumu."

"Bukulo analemba ndani? Si inu nomwe? Chabwino, tiyankheni ichi. Ngati anali matope, bwanji imfa inaleka munthu uja atangochoka?"

"Mvula inakokolola kachigwa kaja. Ine n'kuyamba kutayira kwina."

"Ndiye mvulayo inkadikira kuti a Rafael amange kaye katundu?"

Anthu anaseka, koma osati monyoza. Wina kumbuyo anati, "Paja Lamlungu anawaona pa Kalomwe ndi njinga." Kuseka kunatha. Anthu anayang'anana, ndipo mkulu wina anafunsa motsitsa mawu, "Kumeneko munadyako chiyani, bambo?"

"Madzi okha ndinamwa!"

"Ehee, madziwo," anatero mkuluyo, akupukusa mutu. "Taonani mmene aondera. Wawadyetsa. Munthu uja ngakhale ali kutali sanatisiye."

A Basílio anakuwa. Anati awatsatire akawaonetse pamene panali kachigwa, anati apite limodzi ku Vila Coutinho akafunse dotolo. Akamakuwa kwambiri, chifundo cha anthu chinkakulirakulira. Mmodzi anati apite kwa bambo mfumu akawapempherere, wina anati akudziwa munthu wosanzitsa bwino kutsidya. A Damião anawagwira dzanja n'kuwatsitsa pampanda.

"Musadandaule, ife sitikusungirani kanthu. Tikudziwa kuti si inu mukulankhula. Inu ndinu munthu wabwino."

A Damião anatsekula okha chipata. Ng'ombe yoyamba inalumphira m'madzi, yachiwiri, yachitatu mutu uli m'mwamba. A Basílio anangozindikira ndodo yaphanda ili kale m'manja mwawo, akuimiza. Anagwira ntchito mpaka ng'ombe yomaliza, misozi ikutsika, ndipo anthu powalemekeza ankayang'ana kumbali.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Zita anali m'nyumba ya mayi awo ija, atagwada, akuzira pansi ndi dothi lakuda. Anali atafika pakati. Atamva njinga anatuluka, manja ali matope mpaka m'zigongono.

"Mwanena?"

"Ndanena zonse."

"Ndiye ati chiyani? Titumize mawu liti?"

A Basílio anatsamira njinga pakhoma.

"Akuti ndine munthu wabwino," anatero.

A Zita analowanso m'nyumbamo, anatulutsa beseni la dothi lotsala n'kulikhuthulira panja, ndipo anakoka chitseko n'kumangapo chingwe.